Mtanda Pansi pa Mbendera: Mmene Boma la Apwitikizi Linagwiritsira Nchito Mishoni ku Mozambique

Mau Oyamba

Masiku ano akatswiri a zandale ndi zacitetezo amakamba kwambiri za nkhondo yosakaniza, imene pa Cingelezi amati hybrid warfare. Imeneyi ndi nkhondo imene boma limamenya ndi mfuti pang'ono cabe, mbali yaikulu n'kuisiyira ndalama, manyuzipepala, masukulu, mphekesera ndi maguwa a m'machalichi. Mauwa anayamba kumveka ponseponse mu 2014 pamene Russia inalanda Crimea, ndipo ofuna citsanzo ca mpingo wosanduka cida amaloza ku Mpingo wa Orthodox wa ku Moscow, umene mu Disembala 2021 unatsegula nthambi yake mu Africa muno, m'dera limene kuyambira kalekale linali m'manja mwa mkulu wa mpingo wa ku Alexandria. Ena amaloza ku lamulo limene Ukraine inakhazikitsa mu Ogasiti 2024 lothana ndi mipingo yomangika ku Russia.

Ife sitipita kutali cotero. Tsidya lina la malire athu a kum'mawa, m'zigawo za Tete ndi Niassa kumene kuli abale athu olankhula Cinyanja ndi Cinyungwe, boma lina la ku Ulaya linalemba m'malamulo ake mosabisa kuti mishoni ndi cipangizo ca ufumu wake, linailipira, ndipo linaigwiritsa nchito kwa zaka 34. M'nkhani ino tifuna kuona mmene cipangizoci cinapangidwira, nchito imene cinagwira, ndi cifukwa cake cinadzaceka dzanja la mwini wake. Maganizo athu ndi akuti cimene cimacititsa boma kusirira mpingo, ndiko kukhala kwake pakati pa anthu ndi kumva cilankhulo cao, ndi comweco cimene cimausandutsa mboni yoopsa pa tsiku limene boma lacita zoipa.

Phunziro la ku Blantyre

Apwitikizi sanayambe okha kuganiza kuti mmishoni ndi kazembe wa dziko lake. Anaziphunzira mowawa m'mapiri a Shire. Iwo anali kuwerengera dera limenelo ngati lao, koma amishoni a ku Scotland, amene anakhazikika ku Livingstonia mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, sanafune kumva za ulamuliro wa Lisbon. Mu 1889 abusa ndi akulu a mpingo oposa 11,000 a ku Scotland anasaina cikalata copempha Lord Salisbury kuti asapereke dzikolo kwa Apwitikizi. Pa 11 Januwale 1890 Britain inalamula Portugal kucotsa asilikali ake m'deralo, ndipo mu 1891 dziko limene tsopano ndi Malawi linakhala pansi pa citetezo ca Britain. Kwa anthu a ku Lisbon cimeneci cinali citonzo cimene sanaciiwale, ndipo kuyambira pamenepo mmishoni aliyense wacilendo, makamaka Mprotestanti wolankhula Cingelezi, anali kumuona ngati mlonda wa mbendera ya eni ake.

Mantha amenewa ndiwo anatsekera njira amishoni a Dutch Reformed, amene anatsegula Mphatso ku Angonia mu 1909 nagwira nchito yao m'Cinyanja. Pofika mu 1922 boma linali litatseka mishoni zao zonse m'deralo, kotero kuti akhristu a kumeneko anakhala zaka zambiri akudumpha malire kukabatiza ana ndi kukadya mgonero ku Nyasaland. Tisaganize kuti nthawi imeneyo Akatolika anali pa mtendere. Boma la Republic limene linalowa ku Portugal mu 1910 linali lodana ndi ansembe, ndipo linathamangitsa Ajezuiti a ku Zambezi. Ena mwa iwo, ocokera ku Miruru pafupi ndi Zumbo, anaoloka Luangwa nayamba nchito ku Kapoche ndi ku Katondwe. Motero mbali ina ya mbiri ya mpingo wa Katolika kuno kwathu inabadwa cifukwa ca mkangano wa boma ndi mpingo ku Lisbon.

Pangano la 1940

António Salazar, amene anakulira m'seminale nadzakhala nduna yaikulu mu 1932, anaona zinthu mwa njira ina. Portugal inali dziko losauka lokhala ndi maiko aakulu mu Africa, lopanda ndalama zomangira masukulu ndiponso lopanda anthu okwanira kukhala m'midzi. Mpingo unali nao anthu otero, ololera kukhala kuthengo zaka makumi awiri pa malipiro ocepa. Pa 7 Meyi 1940, m'nthawi ya Papa Pius XII, Portugal ndi Vatican anasaina mapangano awiri, lina lokhudza mpingo m'dziko lonse ndi lina lokhudza mishoni zokha. Mu Epulo 1941 boma linatulutsa lamulo lofotokoza mmene pangano la mishonilo lidzayendera.

Tiyenera kukhalitsa pang'ono pa zimene zinalembedwamo, pakuti m'menemo ndimo muli mutu wa nkhani. Episkopi aliyense anayenera kukhala nzika ya Portugal, ndipo Papa asanalengeze dzina lake, boma linali kupatsidwa mpata wonena ngati lili ndi cifukwa candale comukanira. Amishoni a maiko ena anali kuloledwa pokhapokha Apwitikizi atacepa, ndipo anayenera kulonjeza kumvera malamulo ndi makhoti a Portugal ndi kugwira nchito pansi pa episkopi Mpwitikizi. Mbali yake boma linalonjeza malipiro a maepiskopi, ndalama zoyendetsera madayosizi, malo aulere omangapo mishoni, maulendo a pa sitima ndi kukhululukidwa misonkho. Lamulo la 1941 linachula mishoni za Katolika kuti ndi mabungwe othandiza ufumu ndi otukula anthu, ndipo linapereka maphunziro onse a ana a anthu akuda m'manja mwa amishoniwo, ndi colinga colembedwa poyera cakuti anawo asanduke Apwitikizi mumtima ndi kuti azolowere nchito ya manja. M'caka ca 1940 comweco munakhazikitsidwa madayosizi atatu, Lourenço Marques, Beira ndi Nampula. Ya Tete inadza mu 1962, ya Vila Cabral, kumene tsopano ndi Lichinga, mu 1963.

Kwa ife ophunzira zilankhulo, ndime yofunika koposa ndi ya 16 ya panganolo. Inanena kuti m'masukulu a mishoni kuphunzitsa Cipwitikizi n'kokakamiza, koma cilankhulo ca eni dziko cingagwiritsidwe nchito pophunzitsa cipembedzo. Tikaiona mwamsanga ndime imeneyi ioneka ngati cipambano ca boma, ndipo m'kalasi cinalidi cipambano. Mwana wa ku Angonia anali kuloweza mitsinje ndi mafumu a ku Portugal m'cilankhulo cimene amai ake sanali kucimva, pamene mbale wake wa ku Dedza kapena ku Katete anali kuwerenga ndi kulemba m'Cinyanja kuyambira caka coyamba. Sukulu zimenezi, zochedwa zoyambira, ndipo kuyambira 1956 zozoloweretsa, zinali ndi aphunzitsi osaphunzira mokwanira, ndipo nthawi yambiri ya ana inali kuthera m'minda ya mishoni. Pofika pa ufulu mu 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse sanali kudziwa kuwerenga. Wansembe woyamba wakuda wa nthawi yatsopanoyi, Alexandre dos Santos, anadzozedwa mu 1953, ndipo ulamuliro wa Apwitikizi unafika pakugwa mu Epulo 1974 popanda episkopi wakuda ndi mmodzi yemwe.

Komabe kampata kaja ka cipembedzo sikanali kakang'ono monga boma linaganizira. Wansembe amene afuna kumva macimo a nkhalamba ya ku Mucumbura ayenera kudziwa cilankhulo cake. Akacidziwa, samva macimo okha. Amamvanso za mwana amene anatengedwa cibalo, za thonje lolimitsidwa mokakamiza n'kugulidwa pa mtengo wacipongwe, za mbama ya thabwa imene mfumu inalandira ku boma cifukwa msonkho unaperewera. Mkulu wa boma anali kumva zonse kudzera mwa womasulira ndi msilikali wa pa ofesi, amene anali kusefa mau. Wansembe ndi mkatekisiti anali kumva okha ndi makutu ao.

Woyamba kuonetsa kumene zimenezi zingafike anali Mpwitikizi yemwe, Sebastião Soares de Resende, episkopi wa ku Beira kuyambira 1943 kufikira imfa yake mu Januwale 1967. M'makalata ake aubusa ndi m'nyuzipepala imene anayambitsa, Diário de Moçambique, anadzudzula cibalo ndi ulimi wa thonje wokakamiza, ndipo boma linaimitsa nyuzipepalayo kangapo. Popeza ansembe a ku Portugal anali ocepa, iye anaitana a maiko ena, a White Fathers ndi a Burgos ocokera ku Spain, nawapatsa mishoni za m'cigwa ca Zambezi ndi seminale ya ku Zóbuè pa malire a Nyasaland. Pangano limene linalembedwa kuti litsekereze alendo linalowetsa alendo ambiri kuposa kale, cifukwa boma linafuna nchito yaikulu koma anchito ake a ilo lokha analibe.

Sitinganene kuti Resende anali kuimira maepiskopi anzake. Ambiri anali kumbali ya Kadinala Teodósio de Gouveia wa ku Lourenço Marques ndi wom'lowa m'malo, Custódio Alvim Pereira, amene analembera ophunzira unsembe mfundo khumi zowauza kuti ufulu wa dziko si cinthu cofunika pa ubwino wa munthu, ndi kuti anthu akuda ayenera kuthokoza atsamunda. Eduardo Mondlane, yemwe anakulira m'mishoni ya Aprotestanti a ku Switzerland, anaika mfundozo m'buku lake la 1969 monga umboni wa mbali imene mpingo unasankha.

M'kati mwa Nkhondo

FRELIMO inayamba nkhondo mu Seputembala 1964, ndipo mu 1968 inatsegulanso njira ya ku Tete, ankhondo ake ambiri akudzera m'dziko lathu lino. Mu 1969 nchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba, ndipo Tete inasanduka malo amene Lisbon sinafune kuwataya zivute zitani. Apa ndi pamene cipembedzo cinalowa m'ndondomeko ya asilikali yeniyeni, m'gawo limene iwo anali kulicha nkhondo ya m'maganizo. Anthu anasamutsidwira m'midzi yozingidwa ndi waya kuti asadyetse ankhondo a m'thengo, ndipo boma linayembekezera kuti m'midzi imeneyo sukulu ndi kachalichi zidzakhazika anthu mtima pansi. Ansembe a usilikali anali kuyenda ndi magulu a nkhondo. Apolisi acinsinsi a PIDE, amene mu 1969 anasintha dzina nakhala DGS, anali ndi makutu m'mishoni zambiri.

Mipingo yosakhala ya Katolika inalandira ndodo. Ku Messumba m'mbali mwa nyanja, kumene Aanglikani anali kupemphera m'Cinyanja kuyambira m'masiku a UMCA, aphunzitsi ndi anchito a mishoni anamangidwa, ndipo anthu zikwizikwi anathawira ku Likoma ndi ku Tanzania. Kum'mwera, Mbusa Zedequias Manganhela, mtsogoleri wa mpingo wa Presbyterian, anamangidwa mu Juni 1972 nafera m'ndende ya Machava mu Disembala caka comweco. Asilamu a kumpoto, amene kale anali kunyozedwa, iwo analandira uci. Boma litaona kuti angagwirizane ndi FRELIMO, linayamba kuwanyengerera: abwanamkubwa anali kuwatumizira mauthenga aulemu, mashehe ena analipiriridwa ulendo wa ku Mecca, ndipo boma linasindikiza zina mwa ziphunzitso za Cisilamu m'Cipwitikizi. Boma limene linadzicha mlonda wa mtanda silinaone cobvuta kugulanso mzikiti pamene nkhondo inafuna tero.

Koma akuluakulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Mpingo umene unali kulandira ndalama ku Lisbon unali womangikanso ku Roma, ndipo Roma inali kusintha. Msonkhano waukulu wa Vatican wa 1962 mpaka 1965 unatsegula khomo lakuti misa icitike m'zilankhulo za anthu, cinthu cimene cinakulitsa kampata kaja ka ndime ya 16. Papa Paul VI anakondweretsa Salazar popita ku Fátima mu Meyi 1967, koma pa 1 Julayi 1970 analandira Marcelino dos Santos wa FRELIMO pamodzi ndi Agostinho Neto ndi Amílcar Cabral, ndipo Portugal inaitanitsa kazembe wake mwaukali. Mu Meyi 1971 akulu a White Fathers analengeza kuti akucotsa amishoni ao onse, pafupifupi 40, cifukwa kukhala cete kwa maepiskopi kunali kusandutsa ulaliki wao bodza. Boma silinadikire kuti anyamuke okha, linawathamangitsa. M'caka comweco ansembe awiri a Burgos, Alfonso Valverde ndi Martín Hernández, analemba za kuphedwa kwa anthu wamba ku Mucumbura. Anagwidwa ku Rhodesia, naperekedwa kwa Apwitikizi, nakhala ku Machava pafupifupi zaka ziwiri osaweruzidwa.

Pa 16 Disembala 1972 asilikali a gulu la makomando pamodzi ndi anthu a DGS anazinga Wiriyamu, Chaworha, Juawu ndi midzi ina yoyandikana nayo, kum'mwera kwa mzinda wa Tete. Anapha amuna, akazi ndi ana pafupifupi 400, ena powaombera, ena powatsekera m'nyumba n'kuzitentha. Opulumuka anafika ku cipatala ca Tete ndi ku mishoni, kumene masisitere ndi ansembe anamva nkhani yao. Wansembe wakuda, Domingos Ferrão, amene anali atalawapo kale ndende ya PIDE, ndiye anayamba kulemba maina a akufa monga anali kuwamvera kwa abale ao m'cilankhulo cao, ndipo ansembe a Burgos anathandiza kukonza lipoti ndi kulizembetsa kunja kwa dziko. Maepiskopi atamva anasankha kudandaula mseri kwa bwanamkubwa. Lipotilo linafika m'manja mwa wansembe wa ku England, Adrian Hastings, amene analitulutsa m'nyuzipepala ya The Times pa 10 Julayi 1973, kutatsala sabata imodzi kuti Marcello Caetano, wolowa m'malo mwa Salazar, afike ku London kudzakondwerera zaka 600 za ubwenzi wa maiko awiriwo. Lisbon inayamba yakana kuti kulibe mudzi wa dzina limenelo pa mapu. Cimene cinagonjetsa kukanako ndi mndandanda wa maina, pakuti ciwerengero munthu angacitsutse, koma dzina la munthu ndi la mudzi wake limafuna yankho.

Mu Febuluwale 1974 episkopi wa ku Nampula, Manuel Vieira Pinto, pamodzi ndi amishoni a Comboni anasaina cikalata copempha kuti pangano la 1940 lithe ndi kuti ufulu wa anthu a Mozambique ubvomerezedwe. Pakati pa Epulo iye ndi amishoni 11 anathamangitsidwa. Patangopita masiku owerengeka, pa 25 Epulo, asilikali anagwetsa boma ku Lisbon.

Pambuyo Pake

Mpingo unalipira ngongole ya maepiskopi ake. Pa 24 Julayi 1975, mwezi umodzi citalandirire ufulu, boma la Samora Machel linalanda masukulu ndi zipatala zonse za mishoni, ndipo m'zaka zotsatira machalichi ambiri a m'midzi anatsekedwa. Kwa atsogoleri a FRELIMO mpingo wa Katolika unali dzanja la mtsamunda, ndipo sanasamale kwenikweni kusiyanitsa Alvim Pereira ndi Ferrão. Tiyenera kunena kuti apa analakwa, ndipo kulakwako kunapatsa adani ao cida.

RENAMO, imene inaleredwa ndi akazitape a Rhodesia ndipo kuyambira 1980 inatengedwa ndi asilikali a South Africa, inayamba kudzionetsa kunja monga yomenyera ufulu wa kupembedza. Pretoria inali kuidziwa kale nchito yotere, pakuti mlandu wa ndalama zacinsinsi za Dipatimenti ya Zofalitsa Nkhani, umene unaululika mu 1978, unaonetsa kuti boma linali kulipira mobisa bungwe lochedwa Christian League of Southern Africa kuti lilimbane ndi mabungwe a mipingo otsutsa tsankho. M'zaka za m'ma 1980 timagulu ta amishoni odziimira paokha, tothandizidwa ndi akhristu ena a ku America ndi South Africa, tinali kulowa m'madera a RENAMO, kawirikawiri kudzera ku Malawi, titanyamula Mabaibulo ndi mankhwala, n'kubwerako ndi nkhani zoyeretsa zigawengazo. Mmishoni wina wa ku Australia wa gulu la Shekinah Ministries anagwidwa mu 1987, nabvomera kuti anali kunyamula mauthenga a RENAMO, ndipo anaweruzidwa ku Maputo mu 1988. Paul Gifford anafotokoza magulu otere m'buku lake la 1988 lonena za akhristu a ndale zakumanja m'cigawo cino. Nthawi yomweyo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi, enanso ku Ukwimi m'boma la Petauke, ndipo midzi yathu ya m'malire ku Chadiza ndi ku Katete inalawako nkhanza za gululo.

Pali kusiyana kumene tiyenera kukuona pakati pa nyengo ziwirizi. Salazar anagula mpingo waukulu wokhala ndi mizu m'midzi, nalembetsa mtengo wake m'pangano loti aliyense awerenge. A ku Pretoria ndi anzao anasankha timagulu tating'ono, tolowa ndi kutuluka, topanda nkhosa zoti tiziyankha kwa izo ndiponso tosadziwa cilankhulo ca anthu. Timagulu totere sitinatulutse Ferrão, cifukwa panalibe amene anakhala pamudzi nthawi yokwanira kuti adziwe maina a anthu. Koma pa cifukwa comweco mphamvu yao inali ya kunja kokha, m'machalichi a ku Texas ndi m'maofesi a ku Washington, ndipo ngakhale kumeneko inacepa pamene lipoti la Robert Gersony la 1988, lolembedwa pofunsa othawa nkhondo, linaulula nkhanza za RENAMO.

Mpingo wa Katolika, utalandidwa masukulu ndi ndalama za boma, unatsamira pa akatekisiti ndi timipingo ta m'midzi, njira imene unagwirizana pa msonkhano wa ku Beira mu 1977. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mbali zonse ziwiri za nkhondo zinali kutha kulankhula nao, ndipo Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira anakhala mmodzi mwa amkhalapakati anai, pamodzi ndi Andrea Riccardi ndi Matteo Zuppi a gulu la Sant'Egidio ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy, pa zokambirana zimene zinabala pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992 ku Roma. Za Wiriyamu, wofufuza mbiri Mustafah Dhada anatsatira maina aja kwa zaka zambiri nafika pa anthu 385 odziwika ndi maina. Mu Seputembala 2022, kutatsala miyezi itatu kuti zaka 50 zikwane, nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, ali ku Maputo anapepesa pamaso pa Pulezidenti Filipe Nyusi cifukwa ca kuphedwa kwa anthu amenewo.